Yafika yoyamba koma sinawine: mpikisano wa mahatchi oyenda mtunda wautali umayenda bwanji?

Sabata yatha pa gulupu yathu ya WhatsApp ya pachibale panabuka mkangano wa tsiku lonse chifukwa cha kavidiyo ka mphindi imodzi. Anatumiza ndi msuweni wanga amene ali ku Joni, amagwira ntchito yosamalira mahatchi pa famu ina ku Free State. Mu kavidiyoko hatchi yotuwa ikufika yoyamba pa mzere womalizira, anthu akuwomba m'manja, kenako patapita kanthawi mayi wina wovala chipewa akuiyendetsa uku ndi uku, dokotala wa ziweto akupukusa mutu, basi yachotsedwa. Mphotho yapita kwa ina imene inafika pambuyo. Malume anangoti apa pachitika zachinyengo, ena akuti ndi tsankho, ena akuti mwina sanalipire ndalama yolowera. Msuweni anangoyankha kuti, "Ayi malume, inatsimphina mwendo wakutsogolo wakumanzere. Kuno kufika koyamba sikokwanira, hatchi iyenera kuoneka kuti ikhoza kupitirizabe ulendo."

Ndinamuimbira usiku womwewo tinacheza nthawi yaitali, ndiye ndati ndilembe bwinobwino chifukwa ambirife tikamva za mpikisano wa mahatchi timaganiza za uja wa pa TV, wothamanga mphindi ziwiri anthu akubetcha ndalama. Uwu ndi wina, ndipo nzeru yake ndi ina.

Ndi masewera awiri apachibale, osati amodzi

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Onse awiri amachitikira kutchire, m'tinjira ta m'mapiri, m'madambo, kuwoloka mitsinje, ndipo onse awiri dokotala wa ziweto ndi amene ali ndi mawu omaliza. Koma amasiyana pa nkhani ya liwiro.

Woyamba amautcha endurance, kutanthauza kupirira. Uwu ndi mjaho weniweni: amene wafika koyamba ndiye wapambana, bola hatchi yake ipezeke kuti ili bwino akaiyeza pomaliza. Mitunda yake imakhala makilomita 40, 80, 120 mpaka 160 pa tsiku limodzi. Kavidiyo ka msuweni kaja kanali ka mtundu umenewu.

Wachiwiri amautcha competitive trail riding, ndipo uwu si mjaho ayi. Okonza amakupatsani mtunda ndi nthawi, amati muyende mtunda uwu mufike pakati pa nthawi iyi ndi iyi. Mukachedwa akudulani mapointi, mukafulumira kwambiri akudulaninso. Wopambana ndi amene hatchi yake yamaliza ili ndi thanzi labwino kuposa zinzake, yosatopa, yosatupa miyendo, yopanda zilonda pamsana, komanso yaulemu. Zili ngati kutuma madalaivala khumi kuti apite ku Mzuzu afike 4 koloko, kenako n'kukatsegula maboneti kuona galimoto imene yasamalidwa bwino panjira.

Ku America bungwe lakale lomwe limayendetsa mtundu wachiwiriwu ndi North American Trail Ride Conference, mwachidule NATRC, linayamba mu 1961 ku California. Kwa iwo oweruza amakhala awiri, wina dokotala woona hatchi, wina woona wokwerayo, mmene akukhalira pa chishalo, mmene akuimwetsera madzi, mmene waimangirira usiku pamsasa, ngakhale mmene akuchitira ndi anzake panjira yopapatiza. Aliyense amayamba ndi mapointi 100 n'kumachotseredwa. Liwiro lake limakhala cha pakati pa makilomita 6 ndi 10 pa ola, ndiye mukuona kuti wakabaza wamphamvu akhoza kuwapitirira, vuto ndi mtunda ndi njira yake. Oweruza aja nthawi zina amakaima pamalo ovuta, monga pa chitsikirero cha miyala kapena pa mtsinje, kuti aone ngati hatchi ikumvera modekha kapena ikulimbana ndi mwini wake.

Zinayambira kuti

Asilikali apamahatchi akale ankayesa mahatchi awo ndi maulendo ataliatali, koma masewera amakonowa ambiri amawerenga kuyambira 1955. Chaka chimenecho bambo wina wa ku Auburn ku California dzina lake Wendell Robie, pamodzi ndi anzake ochepa, anakwera mahatchi kuchokera kufupi ndi Lake Tahoe mpaka ku Auburn kudutsa m'mapiri a Sierra Nevada, mamailosi 100 omwe ndi makilomita 160, pofuna kusonyeza kuti mahatchi a masiku amenewo akhozabe kuyenda mtunda wotere pa tsiku limodzi. Ulendo umenewu ukuchitikabe chaka ndi chaka ndipo umadziwika kuti Tevis Cup. Tangoganizani kuchoka ku Lilongwe mbandakucha kukafika cha ku Ntcheu pasanathe maola 24, koma osati pa tala, m'zigwa zotentha ngati ng'anjo ndi m'mphepete mwa maphompho, gawo lomaliza mukuyenda usiku, n'chifukwa chake amaukonza nthawi ya mwezi wathunthu. Mwa onse oyamba ulendowu, pafupifupi theka lokha ndi amene amamaliza. Womaliza aliyense amalandira chitsulo cha lamba chasiliva, ndipo pali chikho china, Haggin Cup, chimene chimapita kwa hatchi yomwe ili ndi thanzi labwino koposa mwa khumi zoyambirira kufika. Okwera ambiri amachilemekeza chikho chimenechi mofanana ndi cha wofika woyamba.

Ku Australia kuli wawo wa makilomita 160 wotchedwa Tom Quilty, unayamba mu 1966. Pafupi ndi ife, wotchuka ndi wa ku Fauresmith, katawuni kakang'ono ka ku Free State, unayamba mu 1973, makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu, mu July kukuzizira koopsa. Kumeneko ndi kumene msuweni wanga amalakalaka kuti hatchi imene amaisamalira idzafikeko.

Pachipata cha dokotala

Apa ndiye pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndikhalitsapo.

Ulendo umagawidwa m'zigawo, ndipo pakutha pa chigawo chilichonse pali malo oyezera hatchi omwe amati vet gate, ife tingoti chipata cha dokotala. Chinthu choyamba ndi kugunda kwa mtima. Hatchi ikangoima pakhola mtima wake umagunda ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi, pang'onopang'ono kuposa wa munthu, koma ikathamanga ndi mphamvu zonse umadutsa 200. Ndiye lamulo limati isanaloledwe kupitiriza, mtima utsike kufika pa nambala yoikika, kawirikawiri 64 kapena 60 malinga ndi malamulo a mpikisanowo, ndipo utsike mkati mwa mphindi zowerengeka. Mu endurance wotchi yanu siima mpaka mtima utatsika. Ichi ndi chimene chimasintha masewera onse, chifukwa munthu amene wafika mwaliwiro hatchi ili wefuwefu akhoza kutaya mphindi khumi akudikira, pamene mnzake amene anatsika n'kumaikoka pa kilomita yomaliza amangolowa pachipata nthawi yomweyo n'kumupitirira.

Msuweni anandifotokozera mmene zimakhalira pamenepo, akuti hatchi ikangotulukira iwo amakhala atandandalika kale mabaketi. Wina akumasula chishalo, wina akuthira madzi m'khosi ndi m'kati mwa miyendo momwe mitsempha ya magazi ili pafupi ndi khungu, wina wagwira chomvera mtima pansi pa chigongono chakumanzere akuwerenga mokweza, 72, 68, 66, ndipo palibe amene amalankhula mokuwa kapena kuthamangathamanga chifukwa hatchi ikadzidzimuka mtima umakweranso. Ikafika 62 ndi pomwe amalowa. Akuti kukazizira ngati ku Free State mu July amachita mosiyana, kutsogolo akuziziritsa koma kumatako afunditsa bulangete kuti minofu isaume.

Kenako dokotala amayamba zake, ndipo zambiri ndi zinthu zoti mlimi wa ng'ombe akhoza kuzimvetsa msanga. Amatsina khungu la pakhosi kapena paphewa n'kulisiya, likabwerera nthawi yomweyo ndiye kuti madzi m'thupi alimo, likatsala chiimire ngati hema ndiye kuti yauma. Amatukula mlomo n'kudina nkhama ndi chala, pamalo podinapo pamayera, ndipo kufiira kuyenera kubwerera pasanathe masekondi awiri. Amamvetsera m'mimba mbali zonse ziwiri, mimba ya hatchi yathanzi imalira nthawi zonse, ikakhala chete ndi chizindikiro choipa. Amasisita msana ndi podutsa lamba wa chishalo kufuna zilonda. Pomaliza amati ithamangitseni mwandawala kupita uko n'kubwerera, iye akuyang'ana mutu ndi chiuno. Hatchi yomva kuwawa mwendo wakutsogolo imatukula mutu mwendo wowawawo ukamaponda pansi. Izi ndi zimene dokotala uja anaona mu kavidiyo, ife osazolowera sitinaone kanthu.

Palinso kayezedwe kena kanzeru kwambiri kamene kanatchuka kudzera mwa dokotala wa ku America, Kerry Ridgway. Amawerenga mtima, hatchi ithamange mwandawala mamita pafupifupi 80 kupita ndi kubwera, ndipo pakatha mphindi imodzi chiyambireni kuthamangako amawerenganso. Ngati nambala yachiwiri ili yofanana ndi yoyamba kapena yatsika, hatchi ili bwino. Ngati yakwera kwambiri ndiye kuti thupi likubisa kutopa kapena ululu.

N'chifukwa chiyani amakhwimitsa chonchi?

Chifukwa hatchi ndi nyama yoti ikhoza kudzipha yokha ndi kumvera. Bulu akatopa amangoima, mumenye bwanji sasuntha, koma hatchi makamaka ikaona zinzake zili kutsogolo imapitirizabe mpaka thupi litawonongeka.

Vuto lalikulu ndi thukuta. Kukatentha hatchi yogwira ntchito imatha kutaya malita 10 mpaka 15 pa ola limodzi, ndiye kuti chigubu cha malita 20 chija chatha m'maola osapitirira awiri. Ndipo thukuta lake lili ndi mchere wambiri kuposa lathu, moti imataya madzi ndi mchere limodzi, zomwe zimachititsa kuti nthawi zina isamve ludzu ngakhale yauma. N'chifukwa chake okwera amaipatsa mchere wosakaniza, ganizo lake ndi lomwe lija la Thanzi ORS amene timapatsa mwana wotsegula m'mimba. Mchere ukasokonekera m'magazi pamabwera zinthu zoopsa, minofu ya kumatako imauma hatchi n'kulephera kuyenda ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena m'nthiti mumayamba kudumpha mogwirizana ndi kugunda kwa mtima ngati ntchirichiri. Choopsa kwambiri ndi kupweteka kwa m'mimba komwe amati colic, matumbo amasiya kuyenda, ndipo poti hatchi siitha kusanza, zinthu zimaipa msanga. Ndiye dokotala akachotsa hatchi yooneka yamphamvu m'maso mwathu, nthawi zambiri amakhala waona chiyambi cha zimenezi.

Kuiphunzitsa: zaka, osati masabata

Ichi ndi chimene chinandikhudza kwambiri pocheza ndi msuweni. Ziwalo za hatchi sizilimba pa nthawi imodzi. Mtima, mapapo ndi minofu zimazolowera ntchito m'miyezi yochepa, koma mitsempha ya m'miyendo imafuna nthawi yotalikirapo, ndipo mafupa amatenga chaka kapena kuposa kuti alimbe molingana ndi ntchitoyo. Msampha uli pomwepo: pakatha miyezi itatu hatchi imaoneka yokonzeka, ikufuna kuthamanga, mtima ukutsika msanga, mwini wake amakondwa n'kuwonjezera liwiro, kenako mtsempha wa mwendo waphwanyika ndipo ikhala pakhola miyezi yambirimbiri. Zili ngati kuika injini ya lole pa tchesi ya kagalimoto kakang'ono.

Ndiye oidziwa ntchitoyi chaka choyamba amangoyenda mtunda wautali pang'onopang'ono, kuyenda wamba kosakaniza ndi ndawala, katatu kapena kanayi pa sabata, masiku ena ipume chifukwa thupi limalimba popuma paja osati pogwira ntchito. Powonjezera amawonjezera chimodzi, mtunda kapena liwiro, osati zonse ziwiri sabata imodzi. Mapiri amalimbitsa matako ndi mtima popanda kuthamanga. Mchenga wakuya amausamala kwambiri chifukwa umakoka mitsempha. M'mawa uliwonse msuweni akuti amayamba ndi kugwira miyendo inayi yonse ndi manja kuchokera pabondo kutsika, kufuna potentha kapena potupa, asanaipatse n'chakudya chomwe, ndipo akuti dzanja likazolowera limadziwa kusiyana kwa lero ndi dzulo diso lisanaone. Malamulo nawonso amateteza ana a mahatchi, ku America mwachitsanzo hatchi yosakwana zaka zisanu siiloledwa pa mtunda wa makilomita 80.

Koma mphamvu ndi theka chabe. Hatchi iyenera kuphunzira kumwa madzi paliponse, pa chithaphwi, mu mtsinje, mu baketi yachilendo, chifukwa yosankha madzi siifika patali. Iyenera kudya panjira ngakhale zinzake zikudutsa. Iyenera kuima chilili mlendo akuitsegula pakamwa, kulola zinzake kuipitirira osalusa, kukwera mu ngolo yake yokokedwa ndi galimoto, kugona usiku pamalo achilendo. Ya makhalidwe oponda zinzake amaimanga kansalu kofiira kumchira kuti akumbuyo atalikire. Mu competitive trail zonsezi zili ndi mapointi ake, ndipo mu malamulo a NATRC simuloledwa kupita chitsogolo mutatsika, pamene mu endurance wokwera akhoza kutsika n'kumathamanga pambali, ena pokwera phiri amagwira mchira hatchi n'kumawakoka.

Wokwera nayenso ayenera kukhala wolimba. Munthu akatopa amayamba kukhala mopendekera mbali imodzi, ndipo maola asanu a kupendekera kumeneko amatha ndi msana wa hatchi wotupa.

Kukhala nayo hatchi yotere

Mtundu umene umalamulira masewerawa ndi Arab ndi ana ake osakanizika. Ndi yaing'ono thupi, khungu lopyapyala lotaya kutentha msanga, minofu yake ndi ya mtunda osati ya liwiro la kanthawi. Ku South Africa mumapezekanso Boerperd, ndipo mu competitive trail poti liwiro silofunika kwambiri mitundu yambiri imachita bwino, ngakhale nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi uja.

Kugula ndi gawo lotchipa, chodula ndi kusunga. Hatchi imadya udzu wolemera pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse a thupi lake tsiku lililonse, ndiye ya makilogalamu 450 ikufuna makilogalamu ngati 9, ndipo maziko a chakudya chake ndi udzu osati chimanga, chifukwa udzu uli m'matumbo umasunganso madzi omwe thupi limatapa paulendo. Madzi akumwa malita 20 mpaka 40 pa tsiku wamba. Ziboda zimakula ngati zikhadabo, zimafuna mmisiri wozidula kapena kuzikhoma zitsulo pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Mano amafuna kupalidwa, njoka za m'mimba, katemera, chishalo choikwana bwino chomwe chimafunika kuchionanso thupi likasintha ndi maphunziro. Ndipo hatchi imakhala zaka 25 mpaka 30, zambiri mwa izo itasiya kale mpikisano koma ikudyabe.

Kuno kumwera kwa Africa kuli mdani wina amene aku California samudziwa, matenda otchedwa African horse sickness. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu timene timaluma kwambiri madzulo ndi m'mawa, ndipo pa mahatchi osabayidwa katemera amatha kupha asanu ndi anayi mwa khumi alionse odwala. Mbidzi zimatha kukhala ndi kachilomboka osadwala. Ku South Africa katemera wake ndi wa chaka ndi chaka, ndipo kusuntha hatchi kulowa nayo dera lotetezedwa la ku Western Cape kumafuna chilolezo. N'chifukwa chake nyengo ya mvula msuweni amalowetsa mahatchi m'khola dzuwa lisanalowe n'kuwatulutsa mame atauma. Mukawonjezera kashembe m'madera otentha a m'zigwa, mumvetsa chimodzi mwa zifukwa zomwe kwathu ngolo timakoketsa ng'ombe ndi abulu, mahatchi n'kumangopezeka m'malo owerengeka.

Mkangano umene ulipo

Si onse amene amagwirizana za komwe masewerawa akulowera. Endurance italowa pansi pa bungwe la dziko lonse la masewera a mahatchi, FEI, ndalama zambiri zinalowamo makamaka kuchokera ku mayiko a Aluya a ku Gulf, komwe amathamangira m'njira zosalazidwa za m'chipululu ndipo liwiro limadutsa makilomita 20 pa ola pa mtunda wonse. Kunamveka nkhani za mahatchi othyoka miyendo ndi za mankhwala oletsedwa, mpaka mu 2015 FEI inaimitsa kwa kanthawi bungwe la United Arab Emirates. Mu 2018 pa mpikisano wa dziko lonse ku Tryon ku America, mjaho wa endurance unathetsedwa uli mkati chifukwa cha kutentha ndi chinyezi, mahatchi ambiri atayamba kufuna chithandizo.

Ena amati vuto ndi liwiro lenilenilo, njira zibwerere kukhala zovuta zamiyala ndi mapiri kuti munthu asathe kuthamangitsa, kapena anthu atsate njira ya competitive trail yomwe siipereka mphotho kwa wofulumira. Ena amati liwiro palokha si tchimo, mahatchi amakono amaswanitsidwa ndi kuphunzitsidwa bwino kuposa kale, ndalama zija zakweza masewerawa komanso zapatsa msika alimi oweta mahatchi kuphatikizapo a ku South Africa, chofunika ndi kutsata malamulo mosakondera. Palinso okwera endurance amene amaona kuti competitive trail imadalira kwambiri maganizo a woweruza, pamene wotchi ndi nambala ya mtima sizikondera munthu. FEI yakhala ikusintha malamulo, kuwonjezera masiku okakamiza hatchi kupuma ikatha mpikisano ndi kukhwimitsa njira yokwerera kuchoka pa mtunda waufupi kupita pa wautali.

Hatchi yotuwa ya mu kavidiyo ija, msuweni akuti sinali ya pa famu yawo, koma anaiona m'mawa mwake ikudya bwinobwino mwendo atauzinga bandeji. Yake imene amaisamalira ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, yamaliza maulendo awiri a makilomita 40 mtima ukutsika msanga, ndipo bwana wake wanena kuti ya 80 adikire kaye mpaka chaka chamawa.